Khoma lidagwa, mkangano udatsala

Madzulo a pa 9 Novembala 1989, mkulu wina wa chipani cholamula ku East Germany, Günter Schabowski, adakhala pamaso pa atolankhani mumzinda wa East Berlin, wailesi yakanema ikuonetsa zonse pompopompo. Msonkhano uli pafupi kutha, adasolola kapepala komwe adali atangopatsidwa n'kuwerenga kuti nzika za dzikolo ziloledwa kutuluka m'malire. Mtolankhani wina adafunsa kuti lamuloli liyamba liti kugwira ntchito. Schabowski adasanthula mapepala ake, kenaka n'kuyankha kuti mmene iye akudziwira, liyamba nthawi yomweyo.

Adaphonya. Boma lidakonza zoti zinthu ziyambe mawa lake, mwadongosolo, aliyense atayamba wapempha chilolezo. Koma mawu adali atatuluka kale. Anthu zikwizikwi adakhamukira ku zipata za khoma. Pachipata cha Bornholmer Strasse, mkulu wa alonda, Harald Jäger, adaimbira akuluakulu ake mobwerezabwereza osamva chogwira mtima. Nthawi itapitirira 11 koloko usiku, ataona kuti chikhamu chikungokulirakulira ndipo ena akhoza kupondedwa, adalamula kuti chipata chitsegulidwe. Khoma la makilomita 155, lomwe lidazinga West Berlin kwa zaka 28, lidatha mphamvu usiku womwewo popanda kulira kwa mfuti.

Patangotha zaka ziwiri, pa 25 Disembala 1991, mtsogoleri wa Soviet Union, Mikhail Gorbachev, adatula pansi udindo, mbendera yofiira idatsitsidwa pa Kremlin ku Moscow, ndipo Soviet Union idagawika kukhala mayiko 15. Chikomyunizimu cha ku Ulaya chidathera pamenepo. Koma mkangano wa zomwe zidayenera kutsatira udatsala: ndani aziwongolera zochitika pakati pa mayiko, potsata malamulo ati, nanga dziko laling'ono liziima pati? Andale, akazembe ndi anthu ophunzira akhala akusiyana maganizo pa mafunso amenewa kwa zaka zoposa 30, ndipo mayankho awo adafika mpaka m'bokosi la voti la Mmalawi ndi m'thumba lake la feteleza.

Dziko la mbali ziwiri

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, sipadapite nthawi dziko lapansi lidagawika pawiri. Mbali ina kudali America ndi anzake a m'gulu lankhondo la NATO, okhulupirira bizinesi ya munthu payekha ndi zisankho za zipani zambiri. Mbali inayo kudali Soviet Union ndi mayiko a m'pangano la Warsaw, komwe chipani chimodzi chimagwira boma, minda, mafakitale ndi masitolo m'dzina la anthu ogwira ntchito. Popeza mbali zonse ziwiri zidali ndi mabomba a nyukiliya okwanira kupsereza mizinda ya mnzake, palibe yemwe adayerekeza kuwombera mnzake maso ndi maso. N'chifukwa chake ena amaitcha nkhondo ya mawu.

Dzinali limakwanira ku Ulaya kokha. Ku Korea, Vietnam, Afghanistan, Ethiopia, Angola ndi Mozambique, mawuwo adasanduka zipolopolo ndi mabomba okwirira pansi. Anthu a ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza safunika kuuzidwa zimenezi: adaona ndi maso awo anthu oposa miliyoni imodzi akuwoloka malire kuthawa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, mitolo ili pamutu, ana ali kumsana.

Kazembe wa nthawi imeneyo amayamba ndi funso limodzi: kodi mtsogoleri uyu ali mbali iti? Yankho likakhala lokoma, zina zonse zimakhululukidwa. Mobutu Sese Seko adafunkha chuma cha Zaire kwa zaka zambiri America ikumupatsabe ndalama chifukwa amadana ndi chikomyunizimu. Mengistu Haile Mariam adapha anthu ambirimbiri ku Ethiopia Moscow ikumutumizirabe zida. Ubwenzi woterewu umatha kutembenuka msanga: mu 1977 Soviet Union idasiya Somalia n'kukumbatira Ethiopia, ndipo Somalia idayang'ana ku America.

Amene adati mlandu watha

Gulu loyamba la maganizo ndi la anthu omwe adakhulupirira kuti mlandu waukulu wagamulidwa. Mu 1989, katswiri wa ku America, Francis Fukuyama, adalemba nkhani yonena kuti kukangana pa za mtundu wa boma woyenera anthu kwafika pamapeto, demokalase ndi msika waufulu zapambana, ndipo mayiko otsala adzatsatira ena msanga ena mochedwa. Pa 11 Seputembala 1990, mtsogoleri wa America George H. W. Bush adauza aphungu a dziko lake kuti kukubadwa dongosolo latsopano la dziko lapansi, momwe lamulo lidzateteza wofooka kwa wamphamvu.

Umboni sudasowe. Iraq italanda Kuwait mu Ogasiti 1990, nthambi yoona za chitetezo ya bungwe la United Nations, yomwe kwa zaka zambiri imangotsekerezana, idagwirizana zoti Iraq ichotsedwe ndi mphamvu, ndipo Soviet Union idavota pamodzi ndi America. Kummwera kwa Africa mfundo zomwe zidali zitamangika kwa zaka zidayamba kumasuka. Pangano la ku New York la mu Disembala 1988 lidachititsa kuti asilikali pafupifupi 50,000 a Cuba achoke ku Angola, ndipo Namibia idalandira ufulu pa 21 Malichi 1990. Nelson Mandela adatuluka m'ndende pa 11 Febuluwale chaka chomwecho. F. W. de Klerk, mtsogoleri wa South Africa nthawi imeneyo, mwini wake adanena kangapo pambuyo pake kuti kugwa kwa khoma la Berlin ndiko kudamupatsa mpata, chifukwa chowiringula chakale choti ANC ndi chida cha Moscow chidali chitatha ntchito. Ku Rome, gulu la Akatolika la Sant'Egidio lidakhazika pansi Frelimo ndi Renamo kwa zaka ziwiri, mpaka Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama adasaina pangano la mtendere pa 4 Okutobala 1992. Othawa nkhondo aja adayamba kubwerera kwawo.

Komabe m'chipinda chomwecho momwe adagamulira za Kuwait mudachitika kanthu komwe mayiko osauka adakasunga mumtima. Yemen, limodzi mwa mayiko osauka kwambiri a Aluya, idavota mokana. Pasanathe masiku ambiri, America idadula thandizo lake ku dzikolo, lomwe lidali pafupifupi madola 70 miliyoni. Kale dziko lochitidwa zotere limathawira ku Moscow. Tsopano khomo lidatsala limodzi.

Wotsutsa Fukuyama wodziwika kwambiri adali Samuel Huntington wa ku yunivesite ya Harvard. Mu 1993 iye adalemba kuti nkhondo zam'tsogolo zidzabuka pomwe pakumana zipembedzo ndi zikhalidwe zazikulu, monga za azungu, Asilamu ndi Atchaina. Ambiri adakumbukira maganizo akewa ndege zitawomba nyumba zitalizitali za ku New York pa 11 Seputembala 2001. Ena adamudzudzula kuti akuunjika anthu mabiliyoni m'madengu ochepa, pomwe nkhondo zambiri zimachitika pakati pa anthu opembedza mofanana. Ahutu ndi Atutsi a ku Rwanda amalankhula chinenero chimodzi ndipo amapemphera m'matchalitchi amodzi.

Mtengo wa ubwenzi udasintha

Dr. Hastings Kamuzu Banda adasankha mbali yawo poyera. Adakana ubale ndi mayiko achikomyunizimu, adapalana ubwenzi ndi Taiwan mu 1966, ndipo kuyambira 1967 Malawi idakhala dziko lokhalo lolamulidwa ndi anthu akuda lomwe lidali ndi ubale wonse wa ukazembe ndi boma la tsankho la South Africa. Mayiko a azungu amawaona ngati mzati wodalirika m'chigawo chomwe Angola ndi Mozambique zidali zitatsamira ku Moscow. Mu 1989 nduna yaikulu ya Britain, Margaret Thatcher, idabwera kudzacheza m'dziko muno. Nthawi imeneyo mlakatuli Jack Mapanje adali m'ndende ya Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu, a Orton Chirwa ndi mayi Vera Chirwa ali m'ndende ya Zomba. Thandizo lidapitirira kubwera.

Patangopita zaka zitatu, nyimbo idasintha. Mtsogoleri wa France, François Mitterrand, adali atauza kale atsogoleri a mu Africa ku La Baule mu Juni 1990 kuti thandizo lizikomera omwe akutsegula ndale. Ku Zambia, Kenneth Kaunda adagonja kwa Frederick Chiluba pachisankho cha pa 31 Okutobala 1991 atalamula zaka 27. Lamulungu pa 8 Malichi 1992, kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse la Malawi, ikutchula poyera zomwe anthu amangonong'onezana: kumangidwa popanda mlandu, umphawi wa ogwira ntchito, ndi mantha oyankhula. Pa 6 Epulo a Chakufwa Chihana adamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Mu Meyi ogwira ntchito ku Blantyre adanyanyala ntchito, apolisi adawombera, anthu adafa. Mwezi womwewo mayiko opereka thandizo adakumana ku Paris n'kuimitsa thandizo lonse kupatula la chakudya ndi la othawa nkhondo, mpaka boma litalemekeza ufulu wa anthu.

Pa 14 Juni 1993 Amalawi adasankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda, ndipo anthu 63 pa 100 alionse adasankha nyali ya matipate. Pa 17 Meyi 1994 a Bakili Muluzi adapambana chisankho.

Apa maganizo amagawika. Ena amati matipate adabwera ndi azungu, kuti akadapanda kutseka mpopi wa ndalama Kamuzu sakadagonja. Ena amati kunena choncho n'kunyoza Amalawi omwe adaika moyo wawo pachiswe, ansembe omwe adaopsezedwa, ophunzira a ku Chancellor College omwe adaguba, ndi ogwira ntchito omwe adawomberedwa. Mbali zonse zili ndi mfundo, koma kalendala ikunena zake. Nkhanza sizidayambe mu 1992. Nduna zitatu ndi phungu mmodzi adaphedwa ku Mwanza mu 1983, ndipo palibe yemwe adaimitsa thandizo. Amalawi olimba mtima adalipo kuyambira 1964. Ambiri adathera m'ndende kapena kunja. Chomwe chidasintha n'chakuti mayiko olemera adalibenso chifukwa chotsinzinira, ndipo kulimba mtima komwe kale kumathera ku Mikuyu ulendo uno kudapeza poponda.

Walira mvula walira matope. Ufulu wa ndale udabwera pamodzi ndi mfundo za chuma za World Bank ndi IMF, zomwe tsopano zidalibe wopikisana nazo. Kwacha idasiyidwa kuti mtengo wake uzipangidwa ndi msika mu Febuluwale 1994, makampani a boma adagulitsidwa, ndipo ku Zambia migodi ya kopa idapita m'manja mwa anthu abizinesi, ntchito zambiri n'kutha. Ku Maputo mpaka lero kuli gulu lotchedwa Madgermanes, anthu omwe adali m'gulu la nzika za Mozambique zoposa 15,000 zomwe zidakagwira ntchito m'mafakitale a East Germany. Gawo la malipiro awo limadulidwa ndi lonjezo loti adzalandira akabwerera kwawo. Dziko lomwe amagwirako ntchito lidafafanizika pa 3 Okutobala 1990, iwo adabwezedwa, ndipo kwa zaka zambiri akhala akuguba Lachitatu m'misewu ya Maputo, atanyamula mbendera ya dziko lomwe kulibenso, kufunsa ndalama zawo.

Lamulo logwira ena, kusiya ena

Gulu lachiwiri la maganizo limati dongosolo latsopano lija lidali ndi malamulo abwino, koma amagwira ntchito mosankha. Ku Mogadishu mu Okutobala 1993 asilikali 18 a America adaphedwa, ndipo America idachotsa ankhondo ake ku Somalia. Patangotha miyezi isanu ndi umodzi kupha anthu kudayamba ku Rwanda. Mkulu wa asilikali osungitsa mtendere kumeneko, Roméo Dallaire, adapempha kuti amuwonjezere anthu. M'malo mwake nthambi ya chitetezo idachepetsa gulu lake kuchoka pa asilikali pafupifupi 2,500 kufika pa 270. M'masiku 100 anthu pafupifupi 800,000 adaphedwa, ambiri ndi zikwanje. Rwanda idalibe mafuta ngati Kuwait, ndipo idalibenso mbali yoti wina aiteteze. Mu Julaye 1995 ku Srebrenica, m'dziko la Bosnia, amuna ndi anyamata Achisilamu pafupifupi 8,000 adaphedwa m'dera lomwe United Nations idalengeza kuti ndi lotetezedwa.

Manyazi a zochitika ziwirizi adabala maganizo oti dziko likamapha anthu ake omwe, ena ali ndi udindo wolowererapo. Mu 1999 NATO idaphulitsa mabomba ku Yugoslavia kwa masiku 78 pofuna kuteteza anthu a ku Kosovo, popanda chilolezo cha nthambi ya chitetezo chifukwa Russia ikadatsekereza. Oikira kumbuyo nkhondoyo amati idapulumutsa miyoyo. Otsutsa amati idatsegula chitseko chomwe sichidatsekekenso.

Mu Malichi 2003 America ndi Britain adalowa mu Iraq ponena kuti Saddam Hussein akubisa zida zoopsa zophera anthu ambiri. Zidazo sizidapezeke. Mlembi wamkulu wa United Nations, Kofi Annan wa ku Ghana, adanena mu 2004 kuti nkhondoyo idaphwanya malamulo a bungwelo. Mu 2011 nthambi ya chitetezo idaloleza kuteteza anthu wamba ku Libya, ndipo South Africa, Nigeria ndi Gabon adavomereza nawo. Ndege za NATO zidapitirira mpaka boma lidagwa ndipo Muammar Gaddafi adaphedwa mu Okutobala, pomwe njira ya zokambirana yomwe African Union idakonza idakankhidwira pambali. Zida zochokera m'nkhokwe za Libya zidafalikira ku Mali ndi mayiko oyandikana nawo. Kazembe wa mu Africa akamazengereza lero kuwomba m'manja azungu akamanena za malamulo a dziko lonse, nthawi zambiri amakhala akukumbukira Baghdad ndi Tripoli.

Lonjezo lomwe silidalembedwe

Mkangano woopsa kwambiri udayambira m'chipinda china ku Moscow pa 9 Febuluwale 1990. Nduna yoona za kunja ya America, James Baker, pokambirana ndi Gorbachev za kulumikizanso Germany, idanena kuti mphamvu za NATO sizidzasunthira kum'mawa ngakhale inchi imodzi. Mawuwa ali m'zolemba za msonkhanowo, koma sadalowe m'pangano lomwe lidasainidwa mu Seputembala chaka chomwecho. Panganolo limangoletsa asilikali akunja ndi zida za nyukiliya m'dera lomwe lidali East Germany.

Mu 1999 Poland, Hungary ndi Czech Republic adalowa mu NATO. Mu 2004 adalowa mayiko ena asanu ndi awiri, kuphatikizapo Estonia, Latvia ndi Lithuania omwe adali mbali ya Soviet Union yeniyeniyo. Boma la Russia limati lidapusitsidwa. A kumadzulo amayankha kuti Baker amanena za Germany yokha, pa nthawi yomwe pangano la Warsaw lidali lisanathe. Gorbachev mwini wake adanena mu 2014 kuti nkhani yokulitsa NATO kupitirira Germany sidakambidwe nthawi imeneyo, koma adawonjezera kuti zomwe zidachitika pambuyo pake zidasemphana ndi mtima wa zokambiranazo.

Si Arasha okha omwe adadandaula. George Kennan, kazembe wakale wa America yemwe adayala ndondomeko yotchingira Soviet Union m'zaka za m'ma 1940, adalemba mu nyuzipepala ya New York Times mu Febuluwale 1997, ali ndi zaka zoposa 90, kuti kukulitsa NATO kudzakhala kulakwitsa koopsa komwe kudzadzutsa mkwiyo ku Russia. Mkwiyowo udali ndi nkhuni zokwanira. Mu 1992 mitengo ya zinthu ku Russia idakwera kuwirikiza maulendo oposa 20, ndalama zomwe anthu adasunga moyo wawo wonse zidasanduka mapepala, mafakitale a boma adagwa m'manja mwa anthu ochepa, ndipo zaka zomwe mwamuna amayembekezeka kukhala ndi moyo zidatsika kuchoka pa pafupifupi 64 kufika pa 58 m'zaka zinayi zokha. Kwa Arasha ambiri, mawu oti demokalase adamveka pamodzi ndi njala. Vladimir Putin adakwera pa mkwiyo umenewu, ndipo mumzinda wa Munich mu 2007 adadzudzula poyera dziko lokhala ndi bwana mmodzi.

Koma pali mawu achitatu omwe amaiwalika anthu akamangomvera Washington ndi Moscow. Anthu a ku Hungary amakumbukira akasinja a Soviet Union m'misewu ya Budapest mu 1956, a ku Prague amakumbukira 1968, ndipo mayiko atatu a ku Baltic adamezedwa mu 1940. Iwo amati palibe adawakoka; adagogoda okha pakhomo la NATO chifukwa amamudziwa mnansi wawo. Amaloza Ukraine. Pa 5 Disembala 1994 ku Budapest, Ukraine idavomera kupereka zida zake za nyukiliya, zomwe zidali zachitatu kuchuluka padziko lonse, ndipo America, Britain ndi Russia adasaina kuti adzalemekeza malire ake. Mu 2014 Russia idalanda Crimea, ndipo pa 24 Febuluwale 2022 idalowa ndi nkhondo m'dziko lonselo. Finland, yomwe idakhala zaka zonse za nkhondo ya mawu osalowa gulu lililonse lankhondo, idalowa mu NATO mu 2023, Sweden n'kutsatira mu 2024.

Munthu akhoza kuvomera kuti Kennan adaona patali, n'kukanabe kuti kudandaula kwa dziko lalikulu kumalipatsa ufulu wolanda nthaka ya mnansi wake. Lonjezo la Baker lidali la pakamwa. La ku Budapest lidalembedwa ndipo Russia idasaina.

Chipani chomwe sichidagwe

Chaka chomwe khoma lidagwa, chipani cha chikomyunizimu cha ku China chidatenga njira ina. Pa 4 Juni 1989 asilikali adabalalitsa ndi mfuti ophunzira ndi anthu wamba omwe amachita zionetsero ku Tiananmen mumzinda wa Beijing. Deng Xiaoping adaphunzira pa kugwa kwa Soviet Union kuti chuma chitsegulidwe koma chipani chisataye chiwongolero. China idalowa m'bungwe la zamalonda la WTO mu Disembala 2001. Ambiri ku America amayembekezera kuti dzikolo likalemera lidzasintha ndale zake. Lidalemera, mpaka mu 2010 lidaposa Japan n'kukhala lachiwiri pa chuma padziko lonse, chipani chili chomwecho.

Kwa atsogoleri a mu Africa, khomo lachiwiri lidatsegukanso. Kumapeto kwa Disembala 2007 boma la a Bingu wa Mutharika lidathetsa ubale wa zaka 41 ndi Taiwan, dziko lomwe lidamanga chipatala chachikulu cha Mzuzu, n'kupalana ubwenzi ndi Beijing. Zotsatira zake zikuoneka ndi maso: nyumba ya malamulo ku Lilongwe, msewu wa Karonga kupita ku Chitipa, yunivesite ya MUST ku Thyolo ndi bwalo la masewero la Bingu. Okonda ubalewu amati China imamanga zinthu zogwirika popanda kulalikira za ulamuliro wabwino. Okayikira amati ngongole ndi ngongole basi, ndipo mnzako wosafunsa za ufulu wa anthu amakomera wolamula kuposa wolamulidwa. Mfundo imodzi yokha China siisinthasintha, yoti wofuna ubale nayo asiye Taiwan. Lero mu Africa monse ndi Eswatini yokha yomwe idakali ndi Taiwan.

Voti ya pa 2 Malichi

Pa 2 Malichi 2022 msonkhano waukulu wa United Nations udavota pa chigamulo chodzudzula Russia. Mayiko 141 adavomereza, asanu adakana, 35 adangokhala pakati. Pafupifupi theka la okhala pakatiwo adali a mu Africa. Malawi ndi Zambia adavomereza. South Africa, Mozambique, Zimbabwe ndi Tanzania sadatenge mbali. Mbiri idalankhula pamenepa. Zipani ngati ANC ndi Frelimo zimakumbukira yemwe adazipatsa mfuti ndi maphunziro pomwe azungu amazitcha zigawenga, ngakhale kuti Ukraine nayo idali mbali ya Soviet Union yomwe idathandizayo.

Masiku ochepa nkhondo isanayambe, kazembe wa Kenya, Martin Kimani, adapereka maganizo ena m'nthambi ya chitetezo. Adakumbutsa kuti malire a mu Africa adajambulidwa ndi atsamunda m'mizinda yakutali, adadula mitundu pakati, komabe Afirika adasankha kuwalandira momwe alili chifukwa kuwasintha ndi mfuti kukadabweretsa nkhondo zosatha. Chisankho chimenecho chidapangidwa ku Cairo mu Julaye 1964, mwezi womwe Malawi idalandira ufulu. Mchewa wa ku Mchinji, wa ku Chipata ndi wa ku Tete ndi anthu amodzi m'mayiko atatu, ndipo palibe adatola mfuti kuti awaphatikize.

Nkhondo ya ku Ukraine idafika m'munda wa mlimi wa ku Kasungu kudzera pa mtengo wa feteleza ndi mafuta. Mu Malichi 2023 boma la Malawi lidalandira matani 20,000 a feteleza, mphatso yochokera ku kampani ya ku Russia ya Uralchem, chaka chimodzi chitangotha Malawi itavota modzudzula dzikolo. Mu 2025 America idatseka bungwe lake la thandizo la USAID, lomwe zipatala ndi masukulu ambiri amadalira. Mpikisano wa mayiko akuluakulu wabwereranso, ndipo funso lakale lija loti uli mbali iti layambanso kumveka m'maofesi a akazembe.

Zaka zoposa 30 zapitazi zaonetsa kuti ubwenzi wa dziko lalikulu umatsata zosowa zake, ndipo zosowazo zikasintha ubwenzi umasinthanso, monga adaonera Kamuzu, Mobutu ndi Madgermanes. Dziko ngati Malawi lilibe akasinja otetezera malire ake kwa wamphamvu. Chomwe lili nacho ndi mapangano olembedwa. Umwini wake pa mbali ya kumpoto kwa nyanja ya Malawi, womwe Tanzania imatsutsa, wagona pa pangano lomwe Britain ndi Germany adasainirana mu 1890 komanso pa chigamulo cha ku Cairo chija. Choncho Malawi imapindula ikamadzudzula wolanda nthaka ya mnzake ndi mawu amodzimodzi, kaya wolandayo akuchokera ku Moscow kaya ku Washington, ndiponso ikamachita malonda ndi aliyense popanda kugulitsa voti yake.

Chomwe sichidasinthe n'komwe chigwereni khoma ndi mipando ya omwe amagamula. Mayiko asanu omwe ali ndi mphamvu yotsekereza chigamulo chilichonse m'nthambi ya chitetezo, America, Britain, France, Russia ndi China, akukhala pa mipando yomwe idagawidwa mu 1945, mayiko ambiri a mu Africa ali pansi pa atsamunda. Mu 2005 ku Ezulwini, African Union idagwirizana zopempha mipando iwiri yokhazikika yokhala ndi mphamvu zonse. Mu Seputembala 2024 America idati ikuvomereza mipando iwiriyo, koma yopanda mphamvu yotsekereza. Mwa mayiko 193 a m'bungwe la United Nations, 54 ndi a mu Africa, ndipo mpaka lero palibe ngakhale limodzi lomwe lili ndi mpando wokhazikika.